Kuzula mafano a mumtima: poyambira pake ndi apa

Mkhristu akatentha zithumwa ndi mphinjiri amaganiza kuti za mafano wathana nazo. Koma za akuluakulu a Israeli amene anadzakhala pansi pamaso pa Ezekieli, Mulungu anati mafano awo anawaimika mumtima (Ezekieli 14:3). Fano lotere lili ngati kaufiti m'munda wa chimanga. Amayamwa mizu pansi pa nthaka, ndipo maluwa ake ofiira akamaoneka, chimanga chimakhala chitapinimbira kale. Ntchito yoyamba ndi kulipeza likadali pansi.

Tengani kope. Kwa masiku 7, madzulo alionse lembani zinthu zitatu: chimene munayamba kuganiza mutangodzuka, chimene chinakupsetsani mtima kapena kukusowetsani tulo, ndiponso kumene ndalama zanu zinapita. Pa ndalamapo musadalire mutu wanu, umakonda kudzikomera. Onani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, muwerengetsere. Yesu anati kumene kuli chuma chako, mtima wako udzakhalanso komweko (Mateyu 6:21). Tsiku lachisanu ndi chiwiri onani chimene chabwerezedwa kwambiri, kenako malizitsani mawu awa: "Chikandichokera ichi, bola kufa." Rakele anauza Yakobo mawu otere pa nkhani ya ana (Genesis 30:1).

Ambiri amadabwa kuti chimene apezacho si choipa ayi. Ndi mwana, banja, bizinesi, sukulu, ulemu pamudzi. Njoka yamkuwa ija anaipanga Mose molamulidwa ndi Mulungu, koma m'masiku a Hezekiya anthu ankaifukizira zonunkhira, mpaka mfumuyo inaiphwanya (2 Mafumu 18:4). Apa m'pofunika kusiyanitsa. Pali zofunika kuphwanya lero lomwe: chibwenzi chamseri, kubetcha, mankhwala okhwimira. Futani nambala, chotsani apu mufoni, osati kuchepetsa pang'onopang'ono. Koma mkazi, mwana kapena ntchito saphwanya, amangozibwezera pa malo ake. Bambo amene wasiya ana opanda ndiwo n'kumagona kuphiri, ati akuika Mulungu patsogolo, walakwitsa (1 Timoteo 5:8), ndipo nthawi zambiri wangosintha fano.

Mafano ovuta kuwaona ndi amene amavala zakutchalitchi: mpando wa ukulu wa mpingo, kutsogolera kwaya, yunifolomu ya chigwirizano, botolo la mafuta odzozedwa limene munthu sangakwere minibasi alibe. Dzifunseni moona: atakuchotsani paudindo lero, Lamulungu likudzali mudzapita kukapemphera ndi mtima womwewo?

Kusala kuloze pa fanolo. Ngati ndi ndalama, perekani mobisa ndalama yoti muimve kuwawa, kwa munthu amene sangakubwezereni. Ngati ndi ulemu, gwirani kwa mwezi umodzi ntchito yosayamikiridwa, monga kusesa tchalitchi Loweruka, osauzako aliyense, ngakhale pa WhatsApp. Ngati ndi foni, igone kutali ndi mphasa, ndipo musaigwire musanapemphere. Za kusala chakudya, amayi oyembekezera, oyamwitsa, odwala shuga ndi amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku asayambe asanafunse achipatala.

Pamene ambiri amagwera m'pakuti amazula osadzalapo kanthu. Nyumba yosesedwa koma yopanda mwini, mzimu woipa umabwereramo ndi anzake 7 (Mateyu 12:43-45). Mtima sukhala wopanda chokonda. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndiye funsani kuti fanolo limakulonjezani chiyani. Ndalama zimalonjeza chitetezo, ndipo Aheberi 13:5 poletsa kukonda ndalama akupereka chifukwa chake pomwepo: Mulungu anati sadzakusiyani. Wofuna kutamandidwa akhazikike pa Aroma 8:31-39. Wochita kaduka ndi olemera awerenge Salimo 73 lonse, aone mmene Asafu anachokera pa nsanje kufika ponena kuti padziko palibe wina womukhumba koma Mulungu.

Patulani mphindi 20 m'mamawa. Werengani ndime imodzi yomweyo mokweza katatu, sabata yonse osasintha. Kenako pempherani motchula fanolo dzina lake. "Ambuye, ndikhululukireni machimo anga onse" ndi pemphero losavuta kubisalamo, nenani kuti "ndakhala ndikudalira golosale yanga kuposa Inu." Musaweruze ndi mmene mukumvera, masiku ena mtima umakhala gwaa, koma pitirizani.

Pezaninso Mkhristu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, bambo kwa bambo, mayi kwa mayi, muzikumana pa masabata awiri alionse ndi kope lija. Muuziretu nyengo zimene fanolo limaphukanso: tsiku la malipiro, nthawi yogulitsa zokolola, mwana akadwala, kapena maliro akagwa ndipo achibale ayamba kunong'ona zoti mukaombeze. Nyengo zimenezo azikuimbirani foni yekha, osadikira kuti muyambe ndinu.