Momwe mungapezere internship ya kafukufuku wothandiza boma muli ku Joni

Achinyamata ambiri akumudzi omwe ali ndi digiri ya economics, statistics kapena sociology kuno ku Joni amataya miyezi akudzaza fomu ya Z83, kufunsira internship ku maunduna a boma la South Africa, yankho osabwera. Chifukwa chake chili pa chilengezo pomwepo: internship zambiri za boma zimafuna nzika za dziko lino, kawirikawiri za zaka 18 mpaka 35. Wa pasipoti ya Malawi, fomu yake imaikidwa pambali CV isanatsegulidwe n'komwe. Khomo lanu lili ku mabungwe ofufuza omwe amagwira ntchito ndi boma.

Yambani ndi mapepala. Visa ya sukulu imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, ndiye internship ya tsiku lonse siyingatheke pa visa imeneyo, koma uresearch assistant wa maola ochepa umatheka. Digiri ya ku Chanco, MUBAS, LUANAR kapena Mzuni ipititseni ku SAQA, bungwe loona za maphunziro la dziko lino, kuti aiunike. Zimatenga masabata ndithu ndipo amafuna transcript, choncho musadikire mpaka ntchito italengezedwa.

Kenako dziwani kogogoda. Gauteng City-Region Observatory, yomwe inakhazikitsidwa mu 2008 ndi mayunivesite a Wits ndi UJ pamodzi ndi boma la Gauteng, imachita kafukufuku wa Quality of Life kuyambira 2009. CLEAR-AA ku Wits imaphunzitsa maboma a mu Africa kuunika ngati mapulogalamu awo akubala zipatso. Ku Pretoria kuli HSRC, bungwe la boma lofufuza za chikhalidwe cha anthu, komanso unduna wa za mapulani wa DPME womwe umayendetsa ndondomeko ya dziko youunikira mapulogalamu, yomwe nduna zinavomereza mu 2011. Ntchito zing'onozing'ono zambiri m'mayunivesite sizilengezedwa. Mphunzitsi akapeza ndalama za kafukufuku amatenga wophunzira wa Masters yemwe akumudziwa, ndiye masemina a ku Wits pa Braamfontein ndi ku UJ pa Auckland Park musamawaphonye.

Gawo lomwe limasiyanitsa anthu ndi ili: konzani chitsanzo cha ntchito yanu musanafunsire kulikonse. Lembetsani pa DataFirst, nkhokwe ya data ya pa intaneti ya University of Cape Town, n'kwaulere, mutsitse data ya Quarterly Labour Force Survey, kafukufuku wa za ntchito wa Stats SA, ofesi ya boma yoona za ziwerengero. Sankhani funso limodzi laling'ono, mwachitsanzo: mu Gauteng, ndi achinyamata angati a zaka 15 mpaka 24 omwe sali pa ntchito komanso sali pa sukulu? Gwiritsani ntchito pulogalamu yosanthulira data ya Stata ngati yunivesite ili nayo, apo ayi R, yomwe salipiritsa.

Pamenepa ambiri amagwa pa zinthu zitatu. Choyamba ndi kuiwala weight. Munthu aliyense wofunsidwa amaimira anthu ena ambirimbiri, ndipo chiwerengero chimene akuimira chimasiyana malinga ndi dera. Mukangowerenga mizere ya mu data osaika weight, peresenti yanu sigwirizana ndi ya mu lipoti la Stats SA, ndipo woyesa amaona zimenezi m'kanthawi kochepa. Choncho musanapite patsogolo, tulutsani kaye nambala imodzi yomwe Stats SA inasindikiza kale. Ikafanana, mwayamba bwino.

Chachiwiri ndi tanthauzo la ulova. Chiwerengero chomwe boma limalengeza sichiphatikiza anthu omwe anatopa n'kusiya kufunafuna ntchito. Pali china chokulirapo chomwe chimawawerengera. Nenani poyera chomwe mwatenga. Chachitatu ndi kuduladula data mpaka kutsala ndi anthu 20 kapena 30 m'gulu limodzi, n'kumalankhula ngati mwapeza za Soweto yense. Anthu akachepa chotero, nambala imagwedezeka kwambiri, ndipo ndi bwino kuphatikiza magulu kusiyana n'kunamiza bwana.

Zotsatirazo zilembeni ngati policy brief, lipoti lalifupi lolangiza akuluakulu a boma, ya masamba 2. Yankho likhale m'ndime yoyamba, graph imodzi, kenako zomwe unduna ungachite. Mkulu wa ku boma amawerenga ali pakati pa misonkhano. Mawu oyamba aatali ngati a thesis sawamaliza. Kunena zoona, ili ndi luso lomwe sukulu zathu siziphunzitsa mokwanira.

Imelo yofunsira ikhale yaifupi. Tchulani lipoti lawo limodzi lomwe mwawerengadi, nenani maola omwe visa yanu ikulola, mumatepo CV ndi brief ija. Wina akakuuzani kuti mulipire kaye ndalama kuti akulowetseni, ameneyo ndi tsotsi.

Mukalowa, sungani do-file kapena script (fayilo ya malamulo omwe mwalemba mu Stata kapena R) ya chilichonse chomwe mwachita, chifukwa pakatha miyezi itatu wina adzafunsa komwe nambala ina inachokera. Data yokhala ndi mayina kapena manambala a foni a anthu musaitumize pa WhatsApp kapena kuisunga pa flash yanu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA likugwira ntchito mokwanira kuyambira 1 July 2021.

Amene mukuganiza zobwerera kumudzi, chitani chitsanzo chachiwiri ndi data ya IHS5, kafukufuku wa m'makomo wa 2019/20 wa National Statistical Office ku Zomba, yomwe imapezeka pa Microdata Library ya World Bank. Brief imeneyo ndi yomwe mungatumize ku bungwe lofufuza la AFIDEP kapena ku National Planning Commission ku Lilongwe, yomwe imayang'anira Malawi 2063.