Momwe mungamalizire mpikisano wothamanga mtunda wautali m'nkhalango ya m'mapiri

Ngati simunathamangepo maola anayi kapena asanu m'mapiri, musalembetse kaye. Pokonzekera, zolowezani miyendo kutsika, chifukwa chimene chimamaliza ntchafu ndi mtsetse. Pa chitunda chachikulu yendani basi, ngakhale akatswiri amatero.

Kenako onani katundu amene okonza mpikisano akufuna. Ku UTMB, mpikisano wa makilomita pafupifupi 170 wozungulira phiri la Mont Blanc ku Ulaya womwe unayamba mu 2003, salola munthu kunyamuka opanda jekete losalowa madzi, matochi awiri, wezulo, bulangete lopyapyala la pangozi ndi madzi osachepera lita imodzi. Jeketelo musalipeputse: mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye thukuta lija limasanduka chisanu.

Pa tochi ndiye pamene ine zinandivuta. Yanga yovala pamutu ndinagula yotchipa pa intaneti, wogulitsa akulumbira kuti imayaka usiku wonse. Inazilala pakati pa mitengo chifunga chitatsika. Njira ya mpikisano amaisonyeza ndi tinsalu tonyezimira tomanga pa nthambi, ndipo tochi yofooka sititulutsa n'komwe. Ndinapezeka ndikutsata kanjira ka nyama.

Choncho tochi yanu iyatseni kunyumba mpaka ithime yokha, muwerenge maola ake. Zolembedwa pa bokosi musazikhulupirire. Mabatire apadera sungani m'thumba la pafupi ndi thupi poti kuzizira kumawatha mphamvu. M'chifunga tochi ivuleni pamutu muigwire cha m'chiuno, kupanda kutero kuwala kumabwerera m'maso mwanu. Mukayenda mphindi zingapo osaona kansalu, tembenukani mubwerere pomwe munakaona komaliza. Osadula njira, ngakhale mukumva mawu a anzanu kumunsi, mwina pakati panu pali phompho. Mapu a njirayo muwaike pa wotchi kapena pa foni musananyamuke, netiweki kulibe kumeneko.

Idyani pang'onopang'ono kuyambira ola loyamba, magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola. Madzi okhaokha ochuluka amasungunula mchere wa m'magazi, ndiye nyamulani zamchere.

Nsapato valani zomwe mwazizolowera, sokosi zouma zikhale m'pulasitiki. Chithuza chimateni chikangoyamba kutentha. Pa malo othandizira othamanga, pomwe mumapeza madzi ndi chakudya, musakhale pansi nthawi yaitali, ndipo dziwani ola limene malo alionse amatsekedwa.