Momwe mungayambitsire nazale ya mitengo pa tchalitchi panu

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, ndipo mipingo yambiri kuno ku Kasungu imayamba kusakasaka mbande mvula itagwa kale. Mochedwa. Mpingo wofuna mitengo yakeyake uyambe nazale mu Ogasiti kapena Seputembala, anthu atapuma ku zokolola.

Tisanamizane, nkhalango taidya ndife tomwe. Zigafa za fodya zimafuna mitengo chaka ndi chaka, mabani amameza nkhuni, ndipo njerwa za matchalitchi omwe timanyadira nawo zidawotchedwa ndi mitengo yachilengedwe. Chakhumi cha ambiri mwa ife chimachokera ku okushoni ya ku Chinkhoma. Pa Genesis 2:15 munthu adaikidwa m'munda kuti aulime komanso kuuyang'anira, choncho nkhani ya nazale ndi yoyenera kukambidwa pa msonkhano wa akulu a mpingo monga momwe timakambira za malata.

Choyamba ndi malo. Akhale pafupi ndi mjigo kapena chitsime, chifukwa mu Okutobala mudzathirira m'mawa ndi madzulo, ndipo madzi akatalika chidwi cha anthu chimazilala sabata yachiwiri. Mangani mpanda wa udzu kuopa mbuzi ndi nkhuku, pamwamba muike kamthunzi ka udzu wopyapyala. Gawanani masiku othirira: amayi a Chigwirizano, achinyamata, akwaya, kapena miphakati ngati ndinu Akatolika. Musasiyire mlonda wa pa tchalitchi yekha.

Dothi: magawo atatu a dothi lakuda la pamwamba, gawo limodzi la mchenga, limodzi la manyowa owola bwino. Sefani, nyowetsani pang'ono, thirani m'machubu (timatumba tapulasitiki tofeseramo mbewu za mitengo) mpaka chubu chiime chokha.

Za machubuwa, gulani msanga poti mtengo umakwera mvula ikayandikira. Chenjeraninso ndi mavenda ena a pamsika omwe amagulitsa machubu opyapyala ngati jumbo. Dzuwa likawaomba mwezi umodzi amang'ambika mukangowanyamula. Ife timatolera mapaketi a shuga ndi a Chibuku n'kuwaboola pansi. Alipo adadandaula kuona mapaketi a mowa pabwalo la tchalitchi, koma mbande zidakula bwinobwino.

Mbewu yabwino ndi yotola nokha kapena yochokera kwa alangizi a zankhalango. Ya m'mabotolo yogulitsa m'mbali mwa msewu nthawi zambiri imakhala yogonera, yofumbwa. Gliricidia ndi keshya ingoziviikani m'madzi usiku umodzi. Mbawa dzalani ikadali yatsopano chifukwa siichedwa kufa. Msangu ndi mthethe zili ndi chikopa cholimba: tengani chodulira zikhadabo, budulani pang'ono m'mphepete, kutali ndi kadiso komwe muzu umatulukira, kenako mudzale.

Tsono pa msangu ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ife udatipweteka chaka choyamba. Mtengowu ndi wofunika kwambiri m'munda. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga, ndipo masambawo ndi mizu yake zimabwezera chonde m'nthaka. Vuto lake ndi muzu. Mbande ikangomera, pamwamba imaoneka kamwana koma muzu wake waukulu uli pa liwiro kulowa pansi. Tidadzala msangu mu Ogasiti pamodzi ndi mitengo inayo, machubu titawandandalika padothi. Pofika Disembala mbande zinali zobiriwira mochititsa kaso, anthu otuluka m'mapemphero nkumaima kuziyamikira. Tsiku lodzala titati tinyamule, machubu akukana. Mizu idaboola pansi kalekale n'kuzika m'nthaka ya panazale. Achinyamata adazula mwamphamvu, mizu thyoo, ndipo patangopita masabata ochepa zambiri zidauma m'maenje. Kubiriwira konse kuja kudali kwa chakudya cha pansi, osati cha m'chubu.

Njira zake ndi izi. Msangu muziudzala mochedwa, chakumapeto kwa Okutobala, kuti ukhale panazale masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu basi. Machubu ake asakhudze dothi: mangani thandala la nsungwi kapena la waya wa nkhuku lokwera pang'ono, muzu ukatulukira pansi ukumane ndi mphepo, uleke wokha kukula. Ngati thandala lakuvutani, sabata iliyonse nyamulani chubu chilichonse, dulani ndi mpeni wakuthwa kamuzu komwe kasuzumira, n'kuchiika pena. Ntchito yotopetsa, ndipo ndi yomwe anthu amaizemba. Ipatseni munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, Loweruka lililonse akamasesa m'tchalitchi iye akhale kunazale. Kudula mizuku chitaninso ndi mitengo inayo, ngakhale iyo siifulumira chotere.

Kukatsala masabata awiri kuti mukadzale m'maenje, chotsani mthunzi ndipo chepetsani madzi kuti mbande zikhwime.

Maenje kumbiranitu mvula isanayambe, dothi la pamwamba padera. Dzalani nthaka itanyowa mokwanira, chubu muchichotse, musachitaye m'munda. Msangu m'munda wa mpingo utalikirane mamita 10, keshya ndi gliricidia m'malire, mbawa pabwalo. Mbande zotsala gawirani mabanja, makamaka olima fodya, kapena gulitsani ndalama ilowe m'thumba la machubu a chaka chamawa.

Zotsalazo mukuzidziwa: kupalira, kuthira phulusa mozungulira kuopa chiswe, kutchinga mtengo uliwonse ndi minga mbuzi zikamasulidwa pambuyo pokolola, ndi kulambula m'mbali mu Juni ana osaka mbewa asanayambe kutentha tchire.