Kayalidwe ka matabwa a laminate m'nyumba

Matabwa a laminate, omwe ndi matabwa opangidwa kufakitale oyala pansi m'nyumba, sakhomeredwa pansi ndi misomali, ndipo samatidwa ndi guluu. Amangokolana m'mbali mwake, onse nkugona pamwamba pa simenti ngati chinthu chimodzi chomwe chimatambasuka pang'ono mpweya ukakhala wachinyezi, ukauma nkubwerera. Mavuto ambiri amayamba woyala akaiwala zimenezi.

Yezani chipinda, pogula muwonjezere 10 peresenti chifukwa cha zidutswa zotayika podula. Makatoni a matabwawo agonekeni osatsegula m'chipinda momwemo kwa maola 48 kuti azolowere mpweya wake.

Nthawi yambiri ithere pa simenti. Gonekani thabwa lowongoka la mamita 2. Pakaoneka mpata woposa mamilimita 3, palani potumphuka, dzazani polowa. Mukapanda kutero, pokolana paja pamapindika munthu akaponda mpaka pamathyoka. Chinyezi ndiye choopsa kwambiri. Matani kapulasitiki pa simenti ndi thepi mbali zonse, kakhale masiku awiri. Kunsi kwake kukachita thukuta, dikirani, musayale. M'kati mwa thabwa muli HDF, utuchi wopanikizidwa, womwe ukamwa madzi umatupa osaphwanso.

Pakauma, yalani pulasitiki ya mamilimita 0.2, mapepala ake asanjikizane masentimita 20, pamwamba pake underlay (choyala chofewa cha kunsi kwa matabwa) ya mamilimita 2 kapena 3. Osayala iwiri pofuna kufewa, matabwa amanjanja.

Yambirani kukhoma lalitali, mutsekere timatabwa kuti patsale mpata wa mamilimita 8 mpaka 10. Mpatawu ukhale paliponse: kukhoma, pafelemu ya chitseko, pozungulira paipi. Malo amodzi okha thabwa likagunda khoma, pakati pa chipinda pamadzatukuka. Chidutswa chotsala pamzere woyamba chiyambe wachiwiri, bola malumikizo a mizere yoyandikana atalikirane masentimita 30 kapena kuposa. Lowetsani thabwa mopendeka, mulitsitse mpaka likole. Likakana, chotsani kaye utuchi mumpako. Hamala isamenye thabwa lenilenilo, imenye chipika chotchingira.

Werengeranitu mzere womaliza musanayambe. Ukamatsala wosakwana masentimita 5, chepetsani woyamba. Podula ndi jigsaw (sowo yamagetsi), nkhope ya thabwa iyang'ane pansi kuti isatemeke. Ndi sowo yamanja iyang'ane kumwamba.

Mukamaliza, chotsani timatabwa tija, mukhomere skirting (thabwa lobisa mpata m'munsi mwa khoma) kukhoma, osati pa laminate. Pokolopa, nsalu ikhale yofinya bwino.