Ophunzira umakaniko, gulani kachipangizo ka OBD2

Inu amene mukuphunzira umakaniko, kaya ku Soche Technical College kaya pa galaja ya kwanuko, sungani kangachepe mugule ka ELM327, kachipangizo kowerenga OBD2, njira imene kompyuta ya galimoto imanenera mavuto ake. N'kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamalowa pa soketi ya mapini 16 yomwe ili pansi pa dashibodi, chapafupi ndi chiwongolero. Kamalumikizana ndi foni pa Bluetooth, ndipo pulogalamu ngati Torque kapena Car Scanner imakuonetsani zimene kompyuta ya galimoto yaona.

Pamene ambiri amagwa ndi apa: amatenga khodi, nambala ya vuto imene pulogalamuyo imaonetsa, ngati chigamulo. P0171 imangonena kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuposa mafuta. Wina amathamangira kukagula oxygen sensor yatsopano (yoyeza mpweya mu utsi wa injini), chikhalirecho vuto ndi kapaipi kong'ambika kuseri kwa injini, kapena MAF sensor (yoyeza mpweya wolowa mu injini) yodzaza fumbi la misewu yathuyi. Yang'anani kaye ndi maso, gwirani ndi manja. P0301 ndiye kuti silinda yoyamba ikuphonya, siikuyatsa mafuta bwino. Sinthanitsani coil yake (yopereka moto ku pulagi) ndi ya silinda yachiwiri, muone ngati khodi isamukire ku P0302. Ikasamuka, wolakwa mwampeza osawonongetsa mwini galimoto ndalama.

Musanafufute khodi, ijambuleni pafoni pamodzi ndi freeze frame yake, zimene kompyuta inasunga za mmene injini inalili pamene vutolo linachitika. Ndaonapo anthu akungofufuta kuti nyali ya check engine izime, kasitomala n'kupita akumwetulira, mawa lake n'kubwerera nkhope itakwinyika.

Mukamaliza, ka ELM327 kaja kazuleni. Soketiyo imakhala ndi magetsi ngakhale kiyi atachotsedwa, ndipo kakagona pamenepo masiku angapo kamatha kumaliza batire.