Momwe mungadzazirenso zipolopolo za wonga wakuda popanda ngozi

Mfuti zakale monga Springfield ya .45-70, imene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1873, ndi Martini-Henry ya Angerezi ya 1871, zikulirabe m'mabwalo a masewero owombera chandamale. Zipolopolo zake n'zodula kapena zosowa, motero eni ake amatola zigoba zamkuwa n'kuzidzazanso. Ntchitoyi siyovuta, koma wonga wakuda sukhululuka. Kanthetche kamodzi n'kokwanira.

Yambani ndi chilolezo. Ku Malawi kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Ku Britain wonga wakuda umafuna chiphaso chakechake cha zophulika chochokera kupolisi, ndipo ku South Africa nako umafuna chilolezo. Wonga wopanga nokha, wa mtundu uja wa m'magogodela, musauyandikize pa ntchito imeneyi.

Zida zofunika ndi makina opanikizira, monga a kampani ya Lee, RCBS kapena Lyman, ma die (tizitsulo tomangirira pa makinawo, toumbira chigoba ndi kulowetsera mtovu wa chipolopolo) a saizi ya mfuti yanu, sikelo yoyeza ma grain (muyeso wa kulemera kwa wonga), fanulo yokhala ndi paipi yamkuwa yotalika masentimita 60 kapena kuposerapo, timakatoni tozungulira totchingira wonga, ndi magalasi oteteza maso. Choyezera wonga chikhale chamkuwa kapena aluminiyamu, chopangidwira wonga wakuda. Chitsulo chikakhulana chimatha kuthetheka, ndipo pulasitiki imasunga magetsi aja amakuthethetsani mukavula juzi m'mwezi wa June.

Choyamba tsukani zigoba. Chotsani primer yakale (kachitsulo ka pansi pa chigoba koyatsa wonga), ziviikeni m'madzi a sopo, kenaka muziumitse mpaka m'kati. Chilichonse chong'aluka pakamwa kapena chodyeka tayani, musachimvere chisoni. Ikani primer yatsopano wonga usanafike patebulo, mutavala magalasi, ndipo bokosi la ma primer mulichotsepo mukatha.

Kenaka wonga. Mfuti zazikuluzi zimadya wa timibulu tokulirapo, wolembedwa Fg kapena FFg. Wosalala kwambiri wa FFFFg si wa m'chigoba ayi. Muyeso muutenge m'buku la kampani yopanga wongawo, osati kwa mnzanu wa pa Facebook. Nambala 70 ya m'dzina loti .45-70 imatanthauza ma grain 70 a wonga, pafupifupi magalamu 4.5, koma zigoba zamakono n'zochindikala pansi ndipo kawirikawiri sizilandira wochuluka choncho. Thirani pang'onopang'ono kudzera m'paipi ija kuti timibulu tikhazikike bwino. Mukatunga, tsekani chitini cha wonga nthawi yomweyo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse: pakati pa wonga ndi mtovu, womwe ndi mutu wa chipolopolo, pasatsale mpata wa mpweya, ngakhale waung'ono. Mpata wotere ungatupitse chipinda cha mfuti momwe mumalowa chipolopolo, pena kuching'amba kumene, ndipo nkhope yanu imakhala pomwepo. Ambiri amaganiza kuti kuchepetsa wonga ndiko kusamala. Mu wonga wakuda, chigoba chosadzaza ndicho choopsa. Ndiye ikani kakatoni pamwamba pa wonga, kanikizani pang'ono ndi die yopanikizira, kenaka lowetsani mtovu mpaka ugunde kakatoniko. Musagwiritse ntchito mtovuwo popanikiza wonga, chifukwa ndi wofewa ndipo upindika mutu. Yezani kuya kwa mtovuwo pa chigoba choyamba musanapitirize ndi zinazo.

Mafuta opaka m'mizere ya mtovu akhale a phula la njuchi losakaniza ndi mafuta a nyama kapena a mbewu. Girisi wa galimoto akakumana ndi mwaye wa wonga amauma gwa m'mpope.

Ndikukupemphani, wonga wamakono wopanda utsi usakhale patebulo limodzi ndi wakuda. Muyeso womwewo wa wamakono uphulitsa mfuti yakale. M'chipinda chogwirira ntchitoyi musalowe fodya, mbaula, kandulo kapena ana. Wonga ukatayika pukutani ndi nsalu yonyowa, osati makina okoka fumbi. Usungeni m'chitini chake chomwe, m'bokosi lamatabwa lokhoma, pouma, kutali ndi ma primer. Mtovu nawo ndi poizoni, choncho sambani m'manja musanagwire nsima.

Mukabwera kowombera musagone mfuti ili yakuda. Mwaye wa wonga umakoka chinyezi ndipo dzimbiri limayamba msanga, makamaka nyengo ya dzinja. Tsukani mpope ndi madzi otentha a sopo, muuumitse, mupake mafuta, ndipo zigoba muziponye m'botolo la madzi a sopo tsiku lomwelo.