Momwe mungatetezere madzi a pampopi kunyumba, makamaka akabwera atasiya

Madzi a pampopi ambirife timangomwa osaganiza kawiri chifukwa timalipira bilu mwezi ndi mwezi. Kunena zoona, pochoka kumalo osefera amakhala abwino ndithu. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amatipatsa madzi ndi a Central Region Water Board, pomwe abale athu a mumzinda wa Lilongwe amamwa a Lilongwe Water Board, ochokera mumtsinje wa Lilongwe umene umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama n'kudzasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Konseko madzi amawasefa, amathiramo klorini, kenako n'kuwatumiza m'mapaipi. Zovuta zimayambira panjira, zina zimayambira m'nyumba mwathu momwemu.

Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankhira kunja, moti ngakhale pakhale kamng'alu zoipa sizilowa, madziwo ndi amene amatuluka. Koma magetsi akazima mapampu n'kuima, kapena akatseka kuti akonze penapake, paipi imatsala yopanda kanthu ndipo kamng'alu komweko kamayamba kuyamwa zapansi: matope, madzi a m'ngalande, mwinanso zochokera kuchimbudzi chapafupi. Ambiri tikukumbukira za ku Area 18 mu 2017, pamene zonyansa za m'suweji zinalowa m'mapaipi a madzi akumwa, anthu n'kumatunga m'nyumba zawo osadziwa. Kumeneko ndi pakati pa likulu lenileni. Komanso kolera uja wa 2022 mpaka 2023 anatitengera anthu oposa 1,700, ndipo sanasankhe wa kumudzi kapena wa m'tauni. N'chifukwa chake ine madzi obwera pambuyo posiya sindiwapatsa mwana ndisanawakonze. Ndimachita motere.

Choyamba, madzi akangobwera musathamangire ndowa yakumwa. Tsegulani mpopi, muwasiye atuluke mpaka ayere. Musawataye ayi, mita ikuwerengatu. Tcherani m'beseni, amenewo ndi okolopera, othira kuchimbudzi kapena kumaluwa. Kenako tungani pang'ono mu tambula yagalasi muione powala. Akakhala otuwa ngati muli ufa, ikani tambulayo patebulo mudikire kanthawi. Mukaona akuyera kuyambira pansi kukwera m'mwamba, umenewo ndi mpweya chabe umene unali m'paipi, si mankhwala ochuluka monga ena amanenera. Koma akakhala ofiirira ngati tiyi wothira mkaka, muli matope kapena dzimbiri. Akamanunkha chimbudzi musayese n'komwe kuwakonza: tsekani mpopi, uzani anansi, kanenenso ku ofesi ya madzi tsiku lomwelo.

Madzi amatope ayenera kudikha kaye. Asiyeni m'ndowa yovindikira usiku wonse ngati n'kotheka, m'mawa mutsanulire pang'onopang'ono mu ina, matope atsale pansi. Potsanula mangani pakamwa pa ndowayo chitenje chakale chochapa bwino, chopinda kanayi. Chakale ndicho chabwino chifukwa ulusi wake unagwirana. Ena amadumpha zimenezi poti akuthamangira kuphika, koma mumva posachedwapa chifukwa chake simuyenera kudumpha.

Tsopano pa klorini, apa ndiye ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene zinandivuta chaka china.

Inali nyengo ya mvula, mpopi utauma masiku angapo, tikutunga pachitsime cha anansi athu kumunsi kwa dimba. Tsiku la msika ndinapeza mnyamata wina atayala timajumbo ta ufa woyera pambali pa mankhwala a makoswe ndi a nsikidzi, akukuwa kuti ndi klorini weniweni wa kuchipatala. Panalibe dzina, panalibe deti, kajumbo kokha komanga mfundo, katakhala padzuwa kuyambira m'mawa. Mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi botolo la m'golosale. Ndinagula, ndinasungunula monga anandiuzira, ndipo sabata yonse tinkamwa mtima uli m'malo. Kenako mwana wanga wamng'ono anayamba kutsegula m'mimba, usiku wonse tili maso. Mwamwayi sanali kolera, anachira ndi Thanzi ORS ndi mankhwala amene anatipatsa kuchipatala.

Patapita masiku, mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu anafika pakhomo. Anapempha madzi a m'ndowa yathu yakumwa, anawathira m'kabotolo kake kakang'ono, n'kuponyamo kapiritsi. Anati madzi akakhala ndi klorini amasanduka apinki. Tinadikira tonse titazungulira, ana akusuzumira. Madzi anangokhala mbee, osasintha ngakhale pang'ono. Anatenga ena m'botolo limene anabwera nalo, kuponyamo kapiritsi kena, pomwepo anafiira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, umu mulibe mankhwala. Mwakhala mukumwa madzi a pachitsime momwe alili."

Zimene anandifotokozera tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna aliyense adziwe. Klorini amatha mphamvu. Dzuwa limamupha, kutentha kumamupha, mpweya ndi chinyontho nazonso. Ufa ungaoneke woyera bwinobwino koma utasanduka laimu chabe. Chachiwiri, matope amadya klorini. Mukathira m'madzi osadikha, mankhwala amathera pa zinyalalazo asanafike pa tizilombo, ndipo tizilombo tina timabisala m'timibulu ta dothi. Kwathu zonse ziwiri zinakumana: mankhwala akufa, madzi amatope.

Ndiye gulani chinthu chokhala ndi dzina, chotsekedwa kufakitale, cholembedwa tsiku lotha ntchito. WaterGuard, klorini wamadzi wa m'botolo, amapezeka m'magolosale ndi m'mafamase ambiri. Musanapereke ndalama tembenuzani botolo muone deti, muonenso ngati chitsekerero sichinatsegulidwepo. Ogulitsa ena amaika mabotolo pawindo loomba dzuwa kuti aoneke kwa odutsa. Limenelo lisiyeni, pemphani la m'katoni. Kumbukiraninso kuti nthawi ya kolera alangizi a zaumoyo amagawa klorini wosungunula kale m'midzi ndi m'maloko, waulere. Wina akakugulitsani wotere ndiye kuti wakuberani kawiri. Mukamapita kukalandira tengani botolo lapulasitiki loyera bwino lokhala ndi chitsekerero, mufunse muyeso wake pomwepo, ndipo musausinthe. Mukafika kunyumba liikeni pamdima, pozizira, patali ndi ana, mulilembe ndi makala kapena cholembera kuti wina asaliyese madzi. Wosungunulayu sakhalitsa, musamusunge mpaka chaka chamawa. Ufa wa HTH umene amasungunulawo ndi waukali kwambiri, umawotcha khungu ndi maso. Si wotapa ndi supuni n'kuthira m'ndowa yakumwa.

Muyeso wa WaterGuard ndi chitsekerero chimodzi pa malita 20 a madzi oyera, ziwiri ngati akuonekabe akuda pambuyo posefa. Malita 20 ndi chigubu chija chachikasu cha mafuta ophikira chitadzaza. Ndowa zambiri za pamsika sizikwana malita 20 ngakhale ogulitsa amanena choncho, ndiye yesani yanu kamodzi ndi botolo la malita 2, muike chizindikiro pamene madzi akulekezera. Thirani, takasani ndi mthiko umene mwausungira ntchito yokhayi, osati wa nsima, vindikirani, mudikire mphindi 30. Mphindi 30 zenizeni, za pawotchi kapena pafoni. Kuno kwathu June ndi July madzi amazizira mpaka mano kuwawa, ndipo m'madzi ozizira klorini amagwira ntchito mochedwa, choncho nyengo imeneyo ine ndimadikira ola lathunthu.

Nthawi ikakwana vundukulani mununkhize. Pazimveka kafungo ka klorini kapatalipatali. Kafungo kameneka anthu amadana nako, apongozi anga mpaka lero amati tiyi wake sakoma, koma ndiko umboni wokhawo umene muli nawo pakhomo popanda kapiritsi ka alangizi. Kakapanda kumveka thiraninso muyeso womwewo mudikirenso. Kakapandanso kumveka kachiwiri, botolo lanulo ndi lakufa, litayeni. Fungo likachuluka mpaka kuyabwa pakhosi, siyani ndowa yosavindikira kwa kanthawi pamalo osafika fumbi ndi ntchentche, lichepa lokha.

Mwina mukufunsa kuti nanga a pampopi, poti anathiramo kale, tithirenso chifukwa chiyani? Klorini amachepa madzi akamayenda ulendo wautali m'mapaipi kapena akakhalitsa m'thanki. Akatswiri a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati pofika pampopi pazitsala mamiligalamu osachepera 0.2 pa lita imodzi. Amene ali pafupi ndi thanki lalikulu nthawi zambiri amamva fungo, amene ali kumapeto kwa laini samva kanthu. Masiku amene madzi akutuluka osadukiza, oyera, akununkhira klorini, ine sindiwonjezera. Koma tsiku loyamba ndi lachiwiri atabwera, ndiponso madzi alionse a pakiyosiki kapena ogula kwa anyamata a mawilibala amene simukudziwa kumene atunga, thirani.

Kuwiritsa ndi njira inanso, ndipo kwa khanda, kwa wodwala ndi kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi yabwino koposa, chifukwa pali tizilombo tina tolimba timene klorini satha kupha msanga. Vuto ndi makala. Thumba lafika pamtengo woti kuwiritsa malita 20 tsiku lililonse ndi nkhani ya anthu olemera, ndiponso tonse tikuona mmene mapiri athu ayerera. Chimene ndimachita n'kuika poto wa madzi pambaula ndikangophula ndiwo zamadzulo, moto usanazilale, okwanira a mwana okha. Madzi abwate ndithu, osati kungotulutsa tithovu pansi pa poto. Mphindi imodzi akubwata imakwana, koma poti Dedza ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, madzi kuno amawira asanatenthe kufika madigiri 100, ndiye ine ndimawasiya mphindi 3 kuti mtima ukhale pansi. Azizire m'poto momwemo, chivindikiro chili pompo. Dziwani kuti owiritsa alibe chowateteza akazizira. Dzanja limodzi lakuda lawabwezera pomwe anali.

Za kuyanika madzi padzuwa m'mabotolo apulasitiki oonekera, zimagwiradi: maola 6 padenga la malata dzuwa likuswa mtengo, masiku awiri kukakhala mitambo. Kwa anzathu a ku Mtakataka ndi ku Golomoti ndi njira yabwino. Kuno kumtunda, nkhungu ikakuta phiri sabata yathunthu, sindingakulimbikitseni.

Posungira. Chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena ndowa ya kampopi ndizo zabwino, chifukwa dzanja sililowa. Ndowa za kampopi za pamsika zina zimadontha pakangotha sabata. Musanagule pemphani athiremo madzi muone, ndipo fufuzani ngati kalabala kali mkati ndi kunja komwe. Zigubu zakale samalani nazo kwambiri. Dera lathu lino ndi la kachewere, tomato ndi kabichi, mankhwala opopera ali m'nyumba iliyonse, ndipo chigubu chimene munasungunuliramo mankhwala a mbewu sichiyera ngakhale mutsuke motani. Klorini sachotsa poizoni, kuwiritsanso sikuchotsa. Nunkhizani musanagule, chikakukayikitsani chisiyeni. Ngati mumakonda mtsuko chifukwa cha kuzizira kwa madzi ake, palibe choletsa, bola ukhale ndi chivindikiro, kapu yotungira ikhale ya chogwirira chachitali yopachika pamsomali, yomwera ikhale ina. Ikani pamwamba pomwe ana ndi nkhuku safika. Tsukani ndi sopo musanathire ena, osangowonjezera pa adzulo.

Amene muli ndi thanki pamwamba, kwerani muone ngati chivindikiro chilipo, mulitsuke mvula isanayambe. Paipi yochoka pa mita kubwera kunyumba ndi yanu, ikang'ambika ndi khasu itanani pulambala, osangomanga ndi mphira. Yobweretsa madzi pa mita kaneneni ku ofesi. Paulendo, kaya pa Lizulu kaya pa depoti ku Lilongwe, madzi a m'majumbo omanga pamanja asiyeni. A m'botolo onani chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu, ndi chitsekerero chosathyoka, poti mabotolo ena amatoledwa n'kudzazidwanso.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, msungunulireni Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi otetezedwa aja. Ikasowa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi mchere theka la supuni ya tiyi m'lita imodzi. Azimwa muli panjira yopita kuchipatala, musadikire kuche.